Davis Cup kuno ku Africa: ndale, ng'oma ndi ana a Don Black

Mu 1900 Dwight Davis, mnyamata wa pa yunivesite ya Harvard, adagula chikho chasiliva ndi ndalama za m'thumba mwake kuti akatswiri a tenisi a ku America ndi a ku Britain achilimbirane ku Boston. Mayiko ofuna chikhochi atachuluka, mu 1923 adawagawa m'zigawo ziwiri, cha America ndi cha Ulaya, kuti oyandikana aziyamba athana okhaokha.

Africa idakhala zaka zambiri yopanda chigawo chakechake. Matimu ake ankangowaponya m'zigawo za eni, ndipo awiri mwa iwo ankayenda ndi fungo la tsankho. Mu 1968 anthu a ku Båstad, m'dziko la Sweden, adachita zionetsero zokana timu ya Rhodesia mpaka masewerowo adakachitikira ku France mwakachetechete. Mu 1974 South Africa idatenga chikho chonse osatuluka thukuta pa ndime yomaliza, chifukwa India idakana kusewera ndi dziko la apartheid. Mpaka lero palibenso dziko la mu Africa lomwe lidachitengapo, ngakhale kunena zoona chipambano chotere n'chovuta kuchiimbira nthungululu.

Chonyadira chenicheni chidachokera ku Harare. Don Black, yemwe adasewerapo ku Wimbledon, adalambula mabwalo a kapinga pamunda wake wa mapeyala n'kuphunzitsirapo ana ake, Byron, Wayne ndi Cara. Anyamata awiriwo ndiwo adasenza Zimbabwe kuchoka m'chigawo cha Ulaya ndi Africa mpaka kufika mu World Group, lomwe panthawiyo lidali gulu la mayiko 16 okha. Mu Epulo 1998 adapita ku Mildura, kwawo kwa a Australia, pabwalo la kapinga lomwe eni adasankha okha. Byron adagwetsa Pat Rafter, amene panthawiyo ndiye ankasunga chikho cha US Open, ndipo Zimbabwe idapambana 3-2. Italy ndiyo idawatsekera njira mu ndime yotsatira.

Koma amene adalipo amakumbukira kwambiri Febuluwale 2000. America idafika ku City Sports Centre, mumzinda wa Harare, ndi Andre Agassi, motsogozedwa ndi John McEnroe. Tenisi ndi masewero omwe oonera amawauza kuti akhale chete. Ku Harare kudalira ng'oma. Tsiku lachiwiri Wayne Black ndi Kevin Ullyett atapambana masewero a awiriawiri, Zimbabwe inkatsogola 2-1, kutsala kamodzi kokha. Lamulungu Agassi adagonjetsa Byron, kenako Chris Woodruff adagonjetsa Wayne, alendo n'kupulumukira pakamwa pa mkango.

Lero mayiko ambiri a kuno ali m'magulu a m'munsi, kumene Africa imasewera payokha. Amakumana mumzinda umodzi kwa masiku ochepa, masewero atatu pa mkumano uliwonse, kulimbirana kukwera gulu limodzi lokha.