Dambwe, Tchalitchi ndi Boma: Mbiri ya Kupembedza m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi oposa 17.5 miliyoni, pafupifupi 77 mwa 100 alionse ndi Akhristu, 14 ndi Asilamu, awiri alibe chipembedzo, ndipo mmodzi yekha ndiye anavomera pamaso pa owerenga anthu kuti amatsata chipembedzo cha makolo. Wongoona ziwerengerozi ali mu ofesi ku Lilongwe angaganize kuti mizimu inatsanzika kalekale. Koma wa ku Bowe, ku Madisi, kwa Chakhaza kapena kwa Nthondo ku Ntchisi amadziwa kuti anthu akangokolola mbalule imalira mpaka mbandakucha, ndipo mfumu ya mzinda ikagona Njovu imatuluka, bwalo n'kudzaza mpaka ena kukwera m'mitengo. Nanga khamu lonselo limachokera kuti ngati otsata za makolo ali mmodzi pa 100? Mbiri ya mapiri ano ikusonyeza kuti anthu sanataye makolo awo. Chimene chinasintha n'chakuti kupembedza, komwe kale kunali kwa mudzi wonse popanda wofunsidwa maganizo, kunasanduka chinthu chimene munthu amasankha yekha. Ndipo nthawi zonse pamene wolamula anafuna kusankhira anthu, kaya mbali ya tchalitchi kaya ya dambwe, panatuluka misozi.

Amishoni asanafike, chipembedzo cha Achewa chinkaima pa mizati iwiri. Woyamba unali kachisi, kumene ankapempha mvula kwa Chauta kapena Chisumphi. Kachisi wamkulu anali ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, kwa Makewana, ndipo madera ena anali ndi akachisi awo ang'onoang'ono kumene ankathira nsembe chilala chikavuta. Mzati wachiwiri unali mzinda, ndiye kuti ufulu wa mfumu wokhala ndi bwalo, dambwe ndi chinamwali. Kachisi ankasamala za dziko ndi mvula, pamene mzinda unkasamala za munthu kuyambira kukula kwake mpaka kumeta maliro ake. Ambiri amaiwala kuti mzati woyamba unagwedezeka amishoni asanaponde kuno. Nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo a Jumbe wa ku Nkhotakota zinabalalitsa midzi, Msinja anaphwasulidwa, anthu n'kuthawira m'malinga ndi m'nkhalango ya phiri la Ntchisi. Angoni a Chiwere atakhazikika ku Dowa, kachisi analibenso mtendere womwe ulendo wokapempha mvula umafuna. Mzinda unapulumuka chifukwa sufuna zambiri: pakhale manda, mfumu, ng'oma ndi anthu osunga chinsinsi, basi gule wamkulu wakhazikika.

Ndiye amene anakumana maso ndi maso ndi amishoni ndi gule, osati Makewana. Mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga ku Mvera ndi chilolezo cha Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe, mu 1896 kunabwera Nkhoma, kenako Chinthembwe ku Ntchisi. Aangilikani anakwera kuchokera ku Nkhotakota n'kukafika ku Kayoyo, ndipo Akatolika anakhazikika ku Nambuma mu 1928. Mkangano umene unabuka sunali wa ziphunzitso zakuya ayi, unali wolimbirana ana. Mnyamata yemweyo ankafunika kusukulu ya mishoni m'mawa, akufunikanso kudambwe kuti akagule njira, ndipo mbali iliyonse inkadziwa kuti wotenga mwana watenga mudzi wamawa. Mpingo unalamula kuti wolowa gule adulidwe. A gule nawo anayamba kulowetsa anyamata akadali aang'ono kuti sukulu iwapeze atamangidwa kale ndi mwambo, ndipo m'zaka za m'ma 1920 m'madera ambiri a chigawo chapakati munali kuopsezana, kumenyana ndi kutsekedwa kwa sukulu. Chida chawo chakuthwa kwambiri chinali chipongwe cha pabwalo: anasema Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, anasema Maliya ndi Yosefe, n'kuwavinitsa pakati pa zilombo zinzawo. Boma la atsamunda linkazengereza kuletseratu gule, osati chifukwa chokonda ufulu wa anthu, koma chifukwa linkadalira mafumu omwewo potolera msonkho. Akuluakulu ake ena anafika polemba za mwambowu: A.G.O. Hodgson analemba za Achewa ndi Angoni a ku Dowa mu 1933, ndipo W.H.J. Rangeley analemba za nyau za m'boma la Kota Kota, lomwe nthawi imeneyo linkafika mpaka ku Ntchisi.

Si Achewa onse amene anaima mbali ya dambwe, ndipo kunena kuti Chikhristu chinangokakamizidwa ndi azungu n'kunyoza makolo athu amene anachisankha ndi mtima wawo. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma yemwe analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, anasiyanso buku la moyo wa Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi imene inalandira sukulu ndi Chikhristu n'kusintha kakhalidwe ka mudzi wake. Chochititsa chidwi n'chakuti polimbana kwa zaka zonsezo, mbali ziwirizi zinayamba kubwerekana zida. Mpingo wa Nkhoma utaona kuti kungoletsa chinamwali sikukuphula kanthu, unayambitsa chilangizo, ndipo alangizi anatenga ntchito imene inali ya anamkungwi: kulangiza mtsikana akatha msinkhu, pa ukwati ndi pa mimba yoyamba. Mwambo wokumbukira womwalira, womwe kale unali wa mowa ndi mpalo, unalowa m'tchalitchi kudzera pa chiliza, abusa n'kumapempherera mwala wa pamanda. Buku Lopatulika la 1922 silinagwiritse ntchito dzina la Chauta monga dzina la Mulungu wa Israeli, koma Buku Loyera la 1998 linalilandira. Nawo a gule anayamba kudzitcha mpingo wa Aroni, ndipo pa maliro awo sizachilendo kumva wina akulalikira ndi mavesi a m'Baibulo. Munthu wotere akafunsidwa ndi wa kalembera, ayankha kuti chiyani? Nanga mkulu wa mpingo amene Lamulungu amatsogolera nyimbo koma mwana akadwala amakumbukira mdulo, alembedwa mzere uti?

Kamuzu Banda anabweretsa njira yachitatu. Iye anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, komanso mu 1946, pamodzi ndi Cullen Young, anakonza buku la Our African Way of Life momwe anaikira kumbuyo miyambo ya Achewa. Atatenga boma, gule anachoka ku liunde n'kukwera malole kupita kumisonkhano ya chipani, zilombo zomwe kale zinkatuluka pa maliro ndi pa chinamwali n'kumavina masana pamaso pa nduna ndi alendo akunja. Mipingo sinathenso kunyoza gule poyera monga kale, ndipo ambiri amaiona nthawi imeneyo ngati ya ulemu wa chikhalidwe chathu. Koma ulemuwo unali ndi mtengo wake. Gule anasanduka wantchito wa chipani, moti pofika nthawi ya riferendamu ya 1993 m'madera ena a chigawo chapakati ankagwiritsidwa ntchito poopseza ofuna zipani zambiri. Ndipo boma lomwelo lomwe linkati likulemekeza Mulungu ndi makolo linaletsa Mboni za Yehova mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Mu 1972 a Youth League ndi Apayoniya anaziotchera nyumba, zikwizikwi n'kuthawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ndipo cha m'ma 1975 ambiri anatsekeredwa ku Dzaleka, konkuno ku Dowa. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Wolamula akadziika kukhala mlonda wa chikhulupiriro, amasankhanso chikhulupiriro choti aponde.

Malamulo aakulu a dziko a 1994, pa gawo 33, anapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo, ndipo sanatchule mpingo uliwonse kuti ndi wa boma. Kuchokera pamenepo Dowa wasintha nkhope. Mipingo ya Chipentekoste yadzaza m'misika ya Mponela ndi Madisi, mizikiti ilipo, ndipo Dzaleka yemwe anali ndende wakhala msasa wa othawa kwawo kuyambira 1994, momwe muli anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia ndi Ethiopia, aliyense ndi mapemphero ake. Gule nayenso anakwera: UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, mwambo wa Kulamba umasonkhanitsa Achewa a maiko atatu ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ku Mua, pa mishoni ya Akatolika yomwe inalimbana kwambiri ndi nyau, ndi pamene Bambo Claude Boucher anatsegula Kungoni mu 1976 n'kusonkhanitsa zigoba za gule mazanamazana. Lamulo losakondera lasonyeza kale phindu lake kwa magulu ang'onoang'ono. Mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti kukaniza ana a Chirasta sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo, ndipo mu 2021 mkangano wa hijabu m'sukulu za mipingo unathera pa mgwirizano umene bungwe la Public Affairs Committee linathandiza kumanga.

Alipo amene amati zonsezi n'zachilendo, kuti Malawi ndi dziko loopa Mulungu, nyimbo ya fuko lathu ndi pemphero, ndipo boma lopanda mpingo wake ndi khomo lolowera kusakhulupirira kwa azungu. Amaloza Zambia, kumene Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti dzikolo ndi lachikhristu, n'kumati nafenso titero. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma akusokoneza zinthu ziwiri. Boma losasankha mpingo si boma lodana ndi Mulungu, ndipo zaka zoposa 30 za ufuluwu sizinakhuthule matchalitchi athu. Pa kalembera wa 2018 osapembedza anali awiri okha pa 100. Komanso tikati dziko lachikhristu, Chikhristu chake chiti, poti Akatolika ndi 17 pa 100, a CCAP 14, ndipo otsalawo amwazikana m'mipingo yosawerengeka imene ina imatchana yosochera? Ku Australia, kumene kalembera wa 2021 anapeza kuti pafupifupi 39 pa 100 alibe chipembedzo, ndi kumene mu 2019 analetsa alendo kukwera thanthwe la Uluru pomvera eni nthaka a mtundu wa Anangu amene amalitenga kukhala lopatulika. Sikuti kumeneko zonse zili bwino, pakuti chaka chotsatira kampani ya migodi ya Rio Tinto inaphulitsa mapanga opatulika a Juukan Gorge, koma mfundo ikuoneka: malo opatulika a anthu ochepa amatetezedwa ndi lamulo lowaona ngati nzika zofanana ndi ena, osati ndi kuchuluka kwa opemphera.

Chitsutso cholemera kwambiri chimachokera kwa aphunzitsi, abusa ndi makolo a m'midzi yomweyi, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Amati kulankhula za ufulu wa gule n'kosavuta kwa wokhala m'tauni, koma iwo amaona ana akusowa m'kalasi nyengo ya dambwe, amaona munthu akugwidwa panjira n'kulowetsedwa mokakamiza, banja lake n'kulipitsidwa, amaona amayi akuthamangitsidwa pochokera kuchigayo. Izi zimachitikadi, ndipo mafumu enieni a Achewa akhala akuzidzudzula. Koma yankho lake lili mu ufulu womwewo. Gawo 33 limene limateteza wovina limatetezanso wokana kuvina. Malinga ngati gule akungotchedwa chikhalidwe cha mudzi, aliyense wobadwira m'mudzimo amaoneka ngati ndi wake, afune asafune, ndipo wapolisi amaopa kulowerera poti ndi za mafumu. Tikavomereza poyera kuti kwa eni ake gule ndi pemphero, monga okha amanenera, ndiye kuti alandira ulemu wa chipembedzo pamodzi ndi malire ake: salowetsa munthu mokakamiza, monganso mpingo subatiza munthu womangidwa manja. Womenya mnzake atavala chigoba ayankhe mlandu wa kumenya. Chimodzimodzi mlaliki wolowa kumanda kukatentha zida za kudambwe ayankhe mlandu wa kuononga za eni.

Povuta penipeni ndi pamaliro, chifukwa manda ndi amodzi, ndipo mwini manda ndi mfumu yomwe kawirikawiri ndi mwini mzindanso. Mwachitsanzo, womwalira anali wa Chigwirizano cha amayi a mpingo, mwamuna wake ndi wa kudambwe, ana ena ndi a Pentekoste, malume akuti mwambo wa mtundu uchitike. Midzi yambiri inapeza kale nzeru yake popanda kudikira Nyumba ya Malamulo: amafunsa kumene mwini maliro ankapemphera, a mbali inayo n'kukhala pansi kukhuza mwaulemu, adzukulu n'kukumba manda mosayang'ana mpingo. Nzeru imeneyi ndiyo iyenera kulimbikitsidwa, ndipo mfumu yolandira mswahala wa boma izindikire kuti pabwalo la milandu ndi mfumu ya Mkhristu, Msilamu, wa Aroni ndi wosapemphera yemwe, ngakhale usiku ikhale mwini dambwe.

Kalembera wina akuyembekezeka mu 2028. A ofesi yoona za chiwerengero cha anthu aganizire zofunsa funso la chipembedzo m'njira yolola munthu kunena zonse zimene amatsata, osati kumupanikiza kuti asankhe bokosi limodzi. Ndipo inu mafumu a kwa Chakhaza, Dzoole, Kayembe, Msakambewa, Chiwere, Kalumo, Chikho ndi Kasakula, pamodzi ndi abusa, ansembe ndi mashehe a m'madera anu, khalani pansi mugwirizane poyera zinthu ziwiri: dambwe lisatsegulidwe sukulu zili mkati, ndipo munthu asakokeredwe kudambwe kapena kutchalitchi iye asanafune.