Masitepe a ku Caledon Square

Pa 27 Sepitembala 1969, Imam Abdullah Haron anapezeka atamwalira m'chitokosi cha polisi ya Maitland mumzinda wa Cape Town. Apolisi a boma la tsankho la South Africa anali atawasunga masiku 123 osawatengera kukhoti, potsamira lamulo la 1967 lomwe linkalola kutsekera munthu popanda malire, osaonana ndi loya. Tchimo la mtsogoleri ameneyu wa mzikiti wa Al-Jamia ku Claremont linali kudzudzula tsankho poyera ndi kuthandiza mabanja a omenyera ufulu amene anali m'ndende.

Dokotala amene anapima thupi lawo anapeza mikwingwirima yoposa 20 ndi nthiti yothyoka. Apolisi anati Imam anaterereka pa masitepe a polisi ya Caledon Square, kumene ankawafunsira mafunso. Mu 1970 woweruza anavomereza nkhaniyo n'kugamula kuti palibe woimbidwa mlandu. Masitepe analibe pakamwa poti akane.

Chodabwitsa n'chakuti pamene Khoti Lalikulu la Western Cape linatsegulanso kafukufukuyu mu Novembala 2022, silinachite kufukula umboni wobisika pansi pa nyanja. Lipoti la dokotala linali lomwe lija la 1969. Akatswiri analiwerenganso, khoti linapita kukaona masitepewo ndi maso, ndipo zinaonekeratu kuti kugwa kumodzi pamalo otere sikungasiye mabala ochuluka chotero m'mbali zosiyanasiyana za thupi. Chimene chinasowa kwa zaka 52 si umboni ayi, koma khoti lofuna kuumvetsera. Ngakhale ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, fayiloyo inagonabe m'fumbi zaka zina 28, ndipo kuchedwa kwachiwiriku sitingakusenzetse boma lakale.

Pa 9 Okutobala 2023, Jaji Daniel Thulare anafafaniza chigamulo cha 1970. Anapeza kuti Imam anamwalira chifukwa cha kuzunzidwa ndi apolisi a nthambi ya chitetezo, ndipo anatchula maina awo, kuphatikizapo Johannes "Spyker" van Wyk ndi Dirk Genis. Onse awiri anali atatsikira kale kumanda osaimbidwapo mlandu pa imfa imeneyi.

Mkazi wa Imam, mayi Galiema, nawonso sanamve chigamulocho. Anamwalira pa 29 Sepitembala 2019, tsiku lenileni limene zinakwana zaka 50 chiikireni amuna awo, ndipo anaikidwa m'manda omwewo a Mowbray.