Tsamba, Nkhani ndi Zopezamo

Mwezi wathawu ndinkathandiza achinyamata a kwaya ya kumpingo kwathu kukhazikitsa webusaiti yawo. Tinali titangomaliza kuika pulogalamu ya WordPress, tonse titaunjikana pa laputopu imodzi, ndipo ndinawauza kuti tisanalembe kalikonse tiyambe tasesa m'nyumba. Mtsikana wina, amene ndi mlembi wa banki mkhonde ya kudera kwawo, analoza pomwe panalembedwa kuti Default Post Category nkufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti muno ndi moika nkhani za anthu osabweza ngongole?" Anzake anafa nacho chiseko. Ine sindinaseke, chifukwa Chingerezi sanachilakwe. Default amene iye amamudziwa ndi wa defaulter, munthu wozemba ngongole ya gulu, kapena uja amamulondola a zaumoyo atasiya kukatenga mankhwala kuchipatala. Liwu ndi lomwelo, kungoti m'makompyuta linakwatiwa kumudzi kwina.

Ndinamuyankha mwachidule kuti ntchito ipitirire, koma pobwerera kunyumba ndinazindikira kuti yankho langa linali la Chingerezi chokhachokha chokhala ndi timichira ta Chichewa.

Amene munaikapo WordPress mukudziwa kuti nyumbayi suipeza mbee. Mumakhala nkhani imodzi ya mutu woti Hello world!, ndipo pansi pake pamakhala ndemanga ya munthu wongopeka wotchedwa A WordPress Commenter. Mumakhalanso Sample Page, ndi tsamba lina la Privacy Policy lomwe limangokhala chobisala kudikira kuti mwini wake alilembe bwino nkulitulutsa. Mapulagini mumapeza awiri: Akismet, yotchinga ndemanga za anthu otsatsa malonda achabechabe, ndi Hello Dolly, yomwe ntchito yake ndi kungoonetsa pakona ya dashibodi mizere ya nyimbo imene Louis Armstrong anaitchukitsa. Wotchi imakhala pa UTC, maola awiri kumbuyo kwa nthawi yathu, kufikira utasankha Blantyre kapena Lusaka pamndandanda wa mizinda. Kwa zaka zambiri pansi pa dzina la webusaiti pankabweranso mawu oti Just another WordPress site, ndipo mpaka lero mukhoza kuwapeza pa mawebusaiti a mabungwe aulemu wawo omwe anaiwala tsache.

Zonsezi m'Chingerezi amaziphatikiza m'liwu limodzi loti default. Ndaonapo anthu akulimasulira kuti zokhazikika, ndipo kumasulira kumeneku ndimakukana kwamtuwagalu. Chinthu chokhazikika sitichigwedeza. Koma tanthauzo lenileni la default ndi chinthu chimene chilipo chifukwa choti mwini wake sanalankhulepo, ndipo akangolankhula chimachoka. Mukamuuza wophunzira kuti dzina lolowera la admin ndi lokhazikika, adzalisiya, pomwe dzina limeneli ndi loyamba kuyesedwa ndi mapulogalamu a akuba omwe amagogoda pakhomo la webusaiti iliyonse usana ndi usiku. Kale WordPress inkapereka yokha dzinali, ndipo kuyambira mu 2010 inayamba kulola munthu kusankha lake poika, koma makampani ena osungira mawebusaiti amalilemberatube m'bokosi. Kulichotsanso si kwapafupi: pa dashibodi sungasinthe dzina lolowera, umachita kupanga munthu watsopano wa udindo womwewo, kulowa ndi dzina latsopanolo, nkufufuta lakale uku ukusamutsira nkhani zake kwa watsopanoyo. Munthu sangalimbane ndi zonsezi pa chinthu chimene wauzidwa kuti nchokhazikika.

Ine ndikuona kuti default ndi zinthu ziwiri, ndipo Chichewa chisachite manyazi kuzipatsa mayina awiri. Choyamba ndi katundu amene umamupeza m'nyumba polowa, monga Hello world! ndi Sample Page uja. Apa chiyankhulo chathu chili ndi mneni wokonzeka kale. Timati mwana wopeza, bambo omupeza, kutanthauza munthu amene sunamubweretse ndiwe koma unamupeza alipo. Choncho zinthu izi ndi zopezamo. Nditawauza achinyamata aja kuti "chotsani zopezamo zonse," palibe anafunsa kuti nchiyani. Mmodzi anangofunsa ngati Akismet nayo ipite, ndipo funso limenelo linali la ntchito, osati la chiyankhulo.

Chachiwiri ndi chimene makina amakusankhira iwe ukakhala chete. Pitani pamalo odyera a mumsika, mukhale pabenchi, munene kuti "mbale imodzi ya nyemba" osawonjezera kanthu. Adzakubweretserani nsima. Mpunga umachita kutchula. Nsimayo ndiye default wa mtundu wachiwiri, ndipo gulu lotchedwa Uncategorized limagwira ntchito chimodzimodzi: ukalemba nkhani osaisankhira gulu, imagwera mmenemo. Nchifukwa chake gululi lilibe batani lofufutira pomwe magulu ena onse ali nalo. Nsima sungaichotse pamalo odyera usananene chimene chilowe m'malo mwake. Gululi umayenera kulisintha dzina, kapena kukweza gulu lina pampandowo kenaka nkuchotsa lakalelo. Pa tanthauzo ili ine ndimati chosankhiratu, gulu losankhiratu, poti kachidutswa ka -ratu kamanena za chinthu chochitika nthawi isanakwane, monga kulipiriratu kapena kuneneratu. Ndikuvomera kuti wokonda galamala adzati liyenera kukhala losankhidwiratu. Akunena zoona, koma pakamwa pa anthu liwu lalitali chotere silikhalitsa.

Liwu lina limene linatizunguza tsiku lomwelo ndi lathu lomwe, tsamba. Mawailesi ndi nyuzipepala zinatiphunzitsa kunena kuti tsamba la pa intaneti potanthauza webusaiti yonse. Facebook itabwera tinati tsamba la mchezo, ndipo liwu limenelo ndi lokoma, ndilibe nalo mlandu. Koma ukalowa m'kati mwa WordPress umapezanso chinthu china chotchedwa page, chomwe nacho palibe dzina lina lochiyenera koma tsamba. Mapeto ake ndinadzimva ndikunena kuti, "Tsegulani tsamba latsopano patsamba lanu kuti lizioneka patsamba loyamba." Ana anangondiyang'ana.

Vutoli si la kukoma kwa mawu chabe, chifukwa kusiyana kwa post ndi page ndiye msana wa WordPress. Pamene Matt Mullenweg ndi Mike Little ankayamba pulogalamuyi mu 2003, inali ya anthu olemba zochitika tsiku ndi tsiku, ndipo chilichonse chinali post. Ma page anadzabwera mu 2005. Post imakhala ndi tsiku, imakhala ndi gulu, ndipo yatsopano imakhala pamwamba nkukankhira yakale pansi. Page ilibe gulu ndipo siyenda pamzere wa masiku, imangokhala pomwe waiika, ngati chikwangwani cha pageti. Achinyamata anga, posamva kusiyanaku, analemba mbiri ya kwaya ngati post, ndipo patatha milungu itatu inali itakwiririka pansi pa zilengezo za mapulakatisi. Chilengezo cha ulendo wa Loweruka limodzi anachiika ngati page, ndipo chinakhala pamwamba mpaka ulendowo utaiwalika.

Maganizo anga ndi akuti tsamba tilipepukitse katundu. Chinthu chonsecho chikhale webusaiti, liwu lobwereka lomwe lili kale pakamwa pa anthu. Page ikhale tsamba, monga tsamba la m'buku. Post ikhale nkhani. Achinyamata amati "ndaposita," ndipo mneni ameneyo sindilimbana naye, wakhazikika ngati kutchaja foni. Koma pa dzina la chinthucho ndimakonda nkhani kuposa positi, osati chifukwa choti positi imatikumbutsa positi ofesi, poti ana a lero ambiri sanagulepo sitampa, koma chifukwa nkhani imanyamula nthawi m'kati mwake. Timati nkhani ya dzulo, nkhani yatha, nkhani yafika. Tsamba silifika ndipo silitha. Munthu wolankhula Chichewa ukamufunsa kuti, "Chimene ukufuna kulembachi ndi nkhani kapena tsamba?" amayankha molondola asanaphunzire ndi batani limodzi lomwe. Liwu lobwereka silingamuchitire zimenezo.

Mawu ena savuta kwambiri. Pulagini ikhale pulagini, dashibodi ikhale dashibodi, yomwe madalaivala anaibweretsa kalekale. Theme ndiye yofunika kusamala, chifukwa amene anaphunzira mabuku kusekondale amafulumira kunena kuti mfundo yaikulu, pomwe apa ndi chovala chabe cha webusaiti: ukavula Twenty Twenty-Four nkuvala china, nkhani zako zimakhala zomwezo. Trash ena amati dzala, koma ine ndimati bini, poti zotayidwamo zimadikira masiku 30 zisanafufutike zokha, ndipo m'masiku amenewo ukhoza kuzitola. Kudzala sitibwererako. Ndipo liwu lija ndalikana pamwambapa lili ndi malo ake oyenera pa permalink, yomwe ndi keyala yokhazikika ya nkhani iliyonse. Imeneyo ndiye umaikonza tsiku loyamba, kuchotsa ya manambala ngati ?p=123 nkuika yokhala ndi mutu wa nkhani, chifukwa ukadzaisintha anthu atagawana kale pa WhatsApp, ena adzagogoda pakhomo lopanda munthu.

Wina adzati ndikusakaniza, pena ndikubwereka pena ndikukana kubwereka. Ndi zoona, ndipo ndikuchita dala. Amene amafuna kuti liwu lililonse likhale lobadwira m'Chichewa ayambe atiuza chifukwa chake palibe amene amatcha mausi ya kompyuta kuti mbewa. Mbewa ndi ndiwo. Komanso amene amati tingobwereka zonse ayambe aona nkhope ya mlembi wa banki mkhonde uja. Muyeso wanga ndi uwu: ngati liwu likungotchula chipangizo, libwerekeni, palibe chotayika. Ngati liwu likunyamula ganizo limene munthu akalisemphanitsa adzalakwitsa ntchito, monga default, post ndi page, pamenepo pafunika liwu loti alimve ndi mutu wake wonse.

Funso lotsala ndi lakuti ndani agamule. Kuyambira mu 1972 tinali ndi Chichewa Board, yomwe inkakonza malamulo a kalembedwe ndi kuwongolera mawu, ndipo anthu ankaiopa. Itathetsedwa mu 1995, ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba, yomwe inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Sindikulirira masiku a chikwapu, pamene liwu linkakhala lolondola chifukwa wamkulu wanena. Koma mpando ukakhala wopanda munthu, wina amakhalapo ndithu. Kuyambira mu 2014 Chichewa chili pa Google Translate, ndipo mnyamata wopanga webusaiti ya sukulu kapena ya mpingo akasowa liwu sapita ku Zomba, amafunsa foni yake. Chimene foniyo yamuuza amachimata pa webusaiti, mawa makina ena amachiwerenga nkuchiyesa Chichewa chenicheni, ndipo cholakwa chimabereka ana. Onjezerani apo lamulo la maphunziro la 2013, lomwe linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira sitandade 1. Ngati masamu a sitandade 2 sitikuwakhulupirira m'Chichewa, ndani adzataye nthawi kufunira permalink dzina? Chingerezi chasanduka chosankhiratu chathu: palibe anakhala pansi nkugamula kuti mawebusaiti a m'midzi mwathu aziyendetsedwa m'Chingerezi, tinangokhala chete.

Chonsecho khomo ndi lotsegula. WordPress simasuliridwa ndi boma lililonse. Amaimasulira ndi anthu ongodzipereka, chiganizo chimodzichimodzi, ndipo chiyankhulo chilichonse chimakhala ndi akeake oona ngati zomasulirazo zili bwino asanazivomereze. Pulogalamu imeneyi ikuyendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi, kotero liwu limene lingalowe pa dashibodi yake lidzawerengedwa kambirimbiri kuposa liwu la m'buku lililonse la galamala. Chimene chikusowa si chilolezo koma mgwirizano pa mawu ochepa, mwina makumi asanu, amene munthu amakumana nawo tsiku loyamba.

Pempho langa likupita kwa akatswiri a chiyankhulo ku Zomba, aphunzitsi a makompyuta m'masekondale, ndi anyamata ndi atsikana amene amapangira anthu mawebusaiti ku Lilongwe, Blantyre, Chipata ndi Tete. Khalani pamodzi tsiku limodzi, laputopu ili patsogolo, muike WordPress yatsopano, ndipo muisese mukulankhula Chichewa chokha. Pomwe lilime lakakamira, lembani liwulo. Zopezamo ndi chosankhiratu ndaziyesa pa achinyamata asanu ndi mmodzi okha. Amene muli ndi mawu oposa amenewa bwerani nawo, koma muyambe mwawayesa pa munthu amene sanaonepo dashibodi.