Mudzi wa Chembe ndi Alendo Ake

Mudzi wa Chembe, umene anthu akunja amaudziwa ndi dzina loti Cape Maclear, uli m'boma la Mangochi m'dera la Mfumu Nankumba, kunsonga kwa mtunda wamapiri umene umalowa m'nyanja ya Malawi n'kugawa mbali yake yakumwera pawiri. Nyumba zake zinandandalika motsata mchenga wa gombe, kumbuyo kwake kuli kachigwa kamene kamathera m'tsinde mwa mapiri amiyala, ndipo kutsogolo kwake kuli zilumba za Thumbi ndi Domwe. Doko la pamenepa n'lobisika ku mwera, mphepo yamkuntho yochokera kumwera imene imavundula nyanja m'miyezi yozizira, koma malo olima ndi ochepa, kotero kuti kuyambira kale munthu wa pa Chembe wakhala akudalira bwato kuposa khasu.

Mbiri yolembedwa ya malowa imanena kwambiri za alendo amene sanakhalitse. David Livingstone, amene anafika kunyanjayi mu 1859 n'kudzayendanso pamadzi ake mu 1861, ndiye anapatsa malowa dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo wa ku Cape Town. Livingstone atamwalira, mpingo wa Free Church of Scotland unatumiza gulu lotsogozedwa ndi Edward Young, momwe munalinso dokotala wachinyamata Robert Laws, kuti lidzakhazikitse mishoni yomukumbukira. Sitima yawo yoyendera nthunzi, Ilala, inachita kuphwasulidwa n'kunyamulidwa pamutu zidutswazidutswa kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire, ndipo inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875. Chilolezo chokhala pamalopo anachitenga kwa Mponda, mfumu ya Ayao imene inkalamulira pamene Shire amatulukira m'nyanja, ndipo apa panali povuta kuyambira pachiyambi, pakuti mphamvu za Mponda zinali zitatsamira pa malonda a minyanga ndi akapolo, pamene amishoniwo anabwera kudzathetsa malonda a akapolowo.

Mishoniyi, imene inatchedwa Livingstonia, inakhala pa Cape Maclear zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Young anasankha malowa ndi maso a munthu wapamadzi, poona doko labwino la sitima, koma malungo anali ochuluka, ng'ombe zinkafa ndi kashembe, nthaka sinkakwanira kudyetsa anthu amene ankathawira kumishoni, ndiponso midzi yoyandikana nayo inali yochepa. Mu 1877 munamwalira Dr William Black ndi Shadrach Ngunana, mmodzi mwa alaliki achikhosa amene anachokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa pamodzi ndi William Koyi, ndipo manda a Black ndi Ngunana alipobe m'tsinde mwa phiri. Munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, analandira ubatizo mu Marichi 1881, chaka chomwecho chimene mishoni inasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga, isanakwerenso ku Khondowe mu 1894. Mabuku ambiri amatsatira Laws paulendo wopita kumpotowo, n'kuiwala kuti Namalambe ndiye anatsala akusunga sukulu ndi mapemphero pa Cape Maclear, ntchito imene pambuyo pake inapita m'manja mwa amishoni a Dutch Reformed Church.

Alendo otsatira anakhala nthawi yochepa koposa. Kuyambira mu 1949 mpaka mu 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa Britain ndi South Africa, zinkaima pa Cape Maclear, pomwe panali hotela yolandirirapo apaulendo, koma ndege zamtunduwu zitasiya kuyenda hotelayo inatha nayo ntchito.

Chimene chinakulitsa mudzi ndi usodzi. Eni gombeli anali Anyanja, amene ankapha nsomba ndi khoka, ukonde wautali wokokera kumtunda, komanso ndi mbedza ndi miono, koma m'kupita kwa zaka kunabwera asodzi ochokera kumpoto kwa nyanja, makamaka Atonga ndi Atumbuka, amene anali akatswiri a chilimira. Chilimira ndi ukonde woponyedwa pamadzi akuya n'kukokedwa ndi mabwato awiri, ndipo ndi umene umagwira utaka ndi usipa wambiri. Usodzi wa usipa umachitika usiku mwezi ukakhala mumdima: siginala, amene ndi mtsogoleri wa ulendowo, amatsogola ndi bwato lokhala ndi nyali zokopera nsomba, pamene alovi, omwe ndi antchito okoka ukonde, amadikira chizindikiro chake. Nsomba zikafika kumtunda m'mawa ntchito imasanduka ya amayi, amene amazigula, kuzifwafwaza kapena kuziyanika pathandala, n'kuzitumiza ku misika ya ku Lilongwe ndi Blantyre. Mwini ukonde, siginala, mlovi, mayi woyanika ndi wamalonda wochokera kutali amadya kuchokera m'bwato limodzi, ndipo n'chifukwa chake mwera ukakhalitsa mudzi wonse umamva njala ya ndalama.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1980, pamene boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park pofuna kuteteza mbuna, nsomba zing'onozing'ono zamawangamawanga zokhala m'miyala, zimene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Bungwe la UNESCO linaika pakiyi pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Anthu sanasamutsidwe, koma Chembe pamodzi ndi Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale inasanduka midzi yozingidwa ndi paki, ndipo usodzi unaletsedwa m'kati mwa mamita 100 kuchokera kugombe la pakiyo ndi la zilumba zake. Kusasamutsa anthu kunali chiganizo chanzeru poyerekeza ndi zimene zinachitika m'malo ena otetezedwa, komabe kunasiya vuto limene silinathe, popeza malire a mudzi anakhomedwa pamene anthu ake ankachulukirachulukira. Nkhuni zophikira ndi zowambira nsomba zili m'phiri la paki, momwe amayi amaloledwa kutola zouma zokha potsata chilolezo, ndipo mikangano yambiri ya pakati pa mudzi ndi alonda a paki yakhala ikuchokera pa mtolo wa nkhuni.

Kuchuluka kwa anthu ndi maukonde kunakhudzanso thanzi. Matenda a likodzo, amene tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi, anafala kwambiri pa Chembe kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo ofufuza anagwirizanitsa zimenezi ndi kuchepa kwa nsomba zodya nkhono, zimene makoka okokedwa pafupi ndi gombe anali atazipulula. Chipatala cha Billy Riordan chinatsegulidwa m'mudzimo mu 2004 ndi mayi wa ku Ireland, Mags Riordan, amene mwana wake Billy anamira m'nyanja pamalopa mu 1999, ndipo chisanatsegulidwe odwala ankayenera kudutsa msewu wamapiri kukafika ku Monkey Bay.

Masiku ano malo ogona alendo atenga mbali yaikulu ya gombe, ndipo achinyamata ambiri amapeza ndalama poperekeza alendo ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna ndi nkhwazi, kapena powagulitsa ziboliboli. Ntchito imeneyi imayenda ndi nyengo, ndipo mliri wa Covid-19 utatseka maulendo mu 2020, ambiri mwa iwo anabwerera ku ulovi.