Tsitsi la nyanga za njati: mwamuna wooneka bwino kunyanja kale ndi lero

Sabata ino tiyeni titsikire kunyanja, ku Mangochi, tikaone kuti mwamuna wotchena ankaoneka bwanji zaka 160 zapitazo.

Mu 1865 David Livingstone ndi mng'ono wake Charles anatulutsa buku la ulendo wawo wa ku Zambezi, Shire ndi nyanja yathuyi, yomwe anafikako mu 1859. Mukaliwerenga mudabwa ndi amuna a Chimang'anja. Iwowa ankataya nthawi yambiri pa tsitsi kuposa anyamata athu a m'mababashopu. Wina ankaliumba mpaka lioneke ngati nyanga za njati. Wina ankalipota zingwezingwe, chingwe chilichonse n'kuchikulunga ndi luzi kuti chiime njo! Ena ankameta mbali zina n'kusiya timizere. Onjezanipo mphini pakhungu ndi zibangili m'manja. Ndiye inu amene mumati kudzikongoletsa ndi za azimayi, agogo athu aamuna akanakusekani.

Komatu zithunzi za m'mabuku amenewa muziziona ndi diso limodzi lokayika. Zinkasemedwa ku London, kuti zikasangalatse azungu ofuna kuona zachilendo. Harry Johnston, yemwe anakhazikitsa Fort Johnston mu 1891, ankadziwa kujambula ndipo anaika zithunzi zake m'buku lake la mu 1897, British Central Africa. Koma munthu yemweyo ndi amene ankamenyana ndi Makanjira ndi Jalasi. Wojambula akakhala kuti wagwiranso mfuti, thupi la mwamuna wakuda amaliona ngati la mtengatenga kapena la msilikali, basi.

Eni nyanja anali atasintha kale maganizo. Ayao atakhazikika kuno, malonda a minyanga ndi akapolo anabweretsa nsalu zochokera ku Kilwa ndi Zanzibar, kenako Chisilamu. Kwa Mponda mwamuna waulemu anayamba kudziwika ndi mkanjo woyera ndi mzuli. Kukongola kunachoka pakhungu n'kupita pansalu. Pambuyo pake kunabwera yunifolomu ya asilikali a KAR, ndipo mukaonera beni lero, malaya amabatani ndi kuguba kuja ndi kutchena kwa nthawi imeneyo kumene kukuvinidwabe.

Tsitsi lija ndiye linaona zakuda. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linaletsa amuna kuweta tsitsi lalitali, moti ngakhale alendo ankametedwa pofika m'dziko. Mpaka 2023 ndi pamene khoti lalikulu ku Zomba linalamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi madiredi awo. Tangoganizani, tsitsi lopota lomwe Livingstone analipeza m'mbali mwa Shire linafika potchedwa lachilendo.

Nanga thupi? Makolo athu a m'ma 1990 ankaopa kuonda, poti anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde, ndipo chimimba chinali chizindikiro cha bwana. Lero mnyamata wa pa Mangochi boma akunyamula zitsulo zothira simenti m'zitini kuti apeze sikisi paki ya pa TikTok, pomwe msodzi wa ku Malembo wopalasa bwato usiku wonse ali nayo kale, koma palibe akumujambula. Ndipo kumudzi mayi akamasankhira mwana wake mwamuna, maso amagwera kwa uja wangotsika ku Joni ndi jini yatsopano ndi njinga yamoto.

Inu kwanu, agogo aamuna ankatchena bwanji? Tiuzeni m'munsimu, makamaka a ku Makanjira ndi Namwera.