Chiyambi cha Maulendo Afupiafupi Oyendera Mayiko Angapo ku Ulaya

Ulendo wa masabata awiri kapena atatu woyendera mayiko angapo motsatizana unayambira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800. Kale m'mbuyomo, wopita kukaona zakunja ankakhala munthu wachuma, ndipo ankatha nthawi yaitali asanabwerere kwawo. Kuti munthu wamba, wa tchuthi chochepa ndi ndalama zowerengeka, nayenso atuluke m'dziko lake, panafunika kuthana ndi zinthu zinayi: mayendedwe, malo ogona, ndalama zachilendo ndi malire.

M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, mabanja olemera a ku England ankatumiza anyamata awo akamaliza sukulu pa ulendo wotchedwa Grand Tour. Dzinali likupezeka m'buku la Richard Lassels lonena za Italy, lomwe linasindikizidwa mu 1670. Mnyamata ankawoloka nyanja kukatsikira ku Calais, n'kukhala kanthawi ku Paris kuphunzira Chifalansa ndi makhalidwe a anthu apamwamba, kenako n'kudutsa mapiri a Alps kulowera ku Florence, Venice, Rome ndi Naples. Ankayenda pa ngolo yokokedwa ndi akavalo, limodzi ndi mphunzitsi womuyang'anira, atanyamula makalata omudziwitsa kwa anthu otchuka ndi kwa eni mabanki. Ulendowu unkatenga miyezi yambiri, ena mpaka zaka.

Njanji ndiyo inafupikitsa mtunda, koma amene anaisandutsa ntchito yokonzera ena maulendo ndi Thomas Cook, mmisiri wa matabwa komanso mlaliki wa mpingo wa Baptist, wobadwa mu 1808. Pa 5 Julaye 1841 iye anagwirizana ndi kampani ya sitima kuti inyamule anthu pafupifupi 500 kuchoka ku Leicester kupita ku Loughborough, kumene kunali msonkhano wolimbikitsa anthu kusiya mowa. Aliyense analipira sheleni imodzi, kupita ndi kubwera. Mfundo yake inali yosavuta: anthu akachuluka mtengo umatsika, ndipo munthu mmodzi akasenza udindo wokonza zonse, otsalawo amayenda mtima uli m'malo. Mu 1851 anatumiza anthu oposa 150,000 ku chionetsero chachikulu cha ku London.

Ulendo wake woyamba wa kunja unachitika mu 1855, chaka chimene ku Paris kunali chionetsero china. Gululo linakwera sitima ya pamadzi ku Harwich kukatsikira ku Antwerp, n'kudzera ku Brussels ndi ku Cologne, kutsata mtsinje wa Rhine, kupitirira ku Heidelberg, Baden-Baden ndi Strasbourg, mpaka ku Paris. Nthawi imeneyo dziko la Germany linali lisanagwirizane. Cologne inali pansi pa Prussia, pamene Heidelberg inali ya Baden, choncho malire ndi ndalama zinkasintha pafupipafupi.  Njira yozungulira imeneyi, yolowera khomo lina n'kutulukira lina popanda kubwerera m'mapazi, ndiyo inakhala chitsanzo cha maulendo otere.

Mu 1863 Cook anatsegula njira ya ku Switzerland. Pa gulu loyamba panali mayi wina wa ku Yorkshire, Jemima Morrell, amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo zolemba zakezo zinasindikizidwa patatha zaka 100. Zimasonyeza kuti ulendo waufupi unali wothamangitsana ndi nthawi. Pa masabata atatu okha, iye ndi anzake anadzera ku Paris, Geneva, Chamonix, Interlaken ndi Lucerne. Ankalawirira m'bandakucha, kukwera sitima, ngolo ndi nyulu, ndipo kumene kunalibe msewu ankayenda pansi, akazi atavala madiresi aataliatali pamwamba pa madzi oundana. Anakweranso phiri la Rigi kuti akaone dzuwa likutuluka. Oyenda m'maulendowa ambiri anali aphunzitsi, abusa, amalonda ndi akazi osakwatiwa, omwe kale kunali kovuta kuti ayende kutali popanda wachibale wamwamuna.

Za mayendedwe zitayamba kulongosoka, panatsala nkhani ya pogona ndi ndalama. Mu 1868 kampani ya Cook, imene mwana wake John Mason Cook anali atalowamo, inayambitsa timapepala tolipirira hotela. Munthu ankagula kabuku ka timapepalato asananyamuke, ndipo akafika pa hotela yogwirizana ndi kampaniyo ankang'amba kamodzi ka chipinda kapena ka chakudya, osanenererana mtengo m'chilankhulo chosachidziwa. Mu 1873 inayamba kusindikiza buku la nthawi zonyamukira sitima za ku Ulaya, ndipo mu 1874 inatulutsa pepala losinthitsa ndi ndalama za dziko limene munthu wafika. Cheke cha apaulendo cha American Express chinatsatira mu 1891.

Nkhani ya malire inayenda mosiyana. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mayiko ambiri a kumadzulo kwa Ulaya sankafunsa pasipoti kawirikawiri. Nkhondo ya 1914 itabuka, maboma anakhwimitsa zipata, ndipo mu 1920 msonkhano wa bungwe la League of Nations ku Paris unagwirizana za pasipoti ya kabuku yokhala ndi chithunzi cha mwini wake. Kuyambira pamenepo, kukonza ulendo kunayamba ndi mapepala a boma.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mayiko anayambanso kumasula. Tikiti ya Eurail, ya alendo ochokera kunja kwa Ulaya, inayamba mu 1959. Mu 1972 kunabwera Interrail, tikiti imodzi yolola achinyamata kukwera sitima m'mayiko 21 kwa mwezi wathunthu, ndipo ambiri anayamba kudzikonzera okha njira, chikwama kumsana. Mu 1985 mayiko asanu, Belgium, France, West Germany, Luxembourg ndi Netherlands, anasayina pangano la Schengen lochotsa chipikisheni pa malire awo, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1995. Ndalama ya euro inalowa m'manja mwa anthu m'mayiko 12 mu 2002.

Intaneti itafala, matikiti ndi zipinda zinayamba kugulidwa pa foni, ndipo kampani ya Thomas Cook inagwa mu Seputembala 2019, itagwira ntchito zaka 178. Komabe pa zinthu zinayi zija, malire ndiwo akadali osiyanitsa anthu. Mzika za Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zimafunika viza ya Schengen, imene imalola masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, ndipo imapemphedwa ku dziko limene munthu akakhalitseko. Maganizo a viza imodzi ya mayiko angapo anafikanso ku Africa: mu 2014 Kenya, Uganda ndi Rwanda anayambitsa viza imodzi ya alendo, ndipo Zambia ndi Zimbabwe anayambitsa viza ya KAZA, yolola mlendo kuona mathithi a Victoria kuchokera tsidya lino ndi tsidya lina.