Mphepo Imene Inazunguza Akatswiri Zaka Zoposa 50

Mu Ogasiti 1883, phiri la Krakatoa ku Indonesia linaphulika. Phulusa lake linakwera kupitirira mitambo, n'kuzungulira dziko lonse m'masabata awiri okha, likulowera kumadzulo. Akatswiri anati nkhani yatha: mphepo ya kumwambako imacokera kum'mawa.

Koma mu 1908, Arthur Berson wocokera ku Germany anaulutsa mabaluni pa nyanja ya Victoria, n'kupeza mphepo ikucokera kumadzulo. Nanga wolakwa anali ndani?

Panalibe. Ca m'ma 1960, Richard Reed ku America ndi R. A. Ebdon ku Britain anapeza kuti pamwamba pa ikweta mphepoyi imatembenuka, ndipo imabwerera mwakale pakapita miyezi pafupifupi 28.

Mu 1968, Richard Lindzen ndi James Holton anafotokoza cifukwa cake. Mitambo ya mvula yamabingu imagwedeza mpweya, n'kutumiza mafunde kumwamba. Akafika kumeneko amasweka monga mafunde a pagombe, amasakaniza mpweya ndi kukankha mphepo mpaka isinthe njira.

Onse aja anaona zoona, kungoti aliyense anayang'ana kumwamba pa nthawi yakeyake.